Buku Lokoma Limene Limasiya Munthu ndi Mitima Iwiri

Mabuku a nkhani zacikondi sakhalitsa pa shelefu muno mu Chipata. Amayenda. Lero buku liri ku Kapata, mawa lakwera njinga kupita ku Mchini, sabata yamawa mudzalipeza kunsi kwa pilo m'nyumba yogona atsikana a sukulu, cikuto citathothoka ndipo masamba awiri omalizira atasowa. Alongo athu akuluakulu anakula ndi Mills & Boon ndi Pacesetters. Amalume anali ndi ao a Louis L'Amour, a amuna okwera pa akavalo ndi mfuti m'ciuno. Pakati pa mitundu iwiriyi pali wina wosakaniza: nkhani zacikondi zocitikira kumadzulo kwa dziko la America m'masiku amakedzana, masiku a ngolo, fumbi ndi golide.

Limodzi mwa mabuku otere lafika ndi m'magulu athu a acinyamata, ndipo silinalowere pa windo ai, lalowera pa khomo lakutsogolo, cifukwa ndi buku lacikristu. Dzina lake ndi Redeeming Love, ndiko kunena kuti cikondi coombola. Analilemba Francine Rivers, mai wa ku America amene anakhala zaka zingapo akulemba nkhani zacikondi wamba asanatembenuke mtima mu 1986. Linatuluka koyamba mu 1991, ndipo mu 1997 linasindikizidwanso litakonzedwa kuti liyenere owerenga a m'mipingo. Lagulidwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo mu 2022 munatuluka filimu yake imene anaijambulira ku South Africa.

Ine ndinalimaliza m'masiku atatu. Nditalitseka, mtima wina unati, "Ili ndi buku loti mnyamata aliyense ndi mtsikana aliyense aliwerenge." Mtima wina unafunsa kuti, "Kodi ungampatse mlongo wako wamng'ono osanenapo kanthu?" Ndamva anzanga ena, makamaka atsikana, akukamba cimodzimodzi: analira powerenga, koma pena pake panawanyansa. Tsono funso lathu ndi ili: kodi munthu acite ciani pamene buku limodzi lamkondweretsa ndi kumsautsa nthawi imodzi? Kodi umodzi mwa mitima iwiriyo ndi wabodza, woyenera kuutontholetsa?

Amene sakonda kuuzidwa mathero a nkhani andikhululukire, pakuti popanda mathero funsoli silingakambidwe.

Mwana wamkazi dzina lake Sarah abadwa kunja kwa ukwati. Atate ake ndi munthu wolemera amene ali ndi banja lake kwina, ndipo tsiku lina mwanayo awamva ndi makutu ake akunena kuti sanafune kuti iye abadwe. Amai ake atasiyidwa ayamba kudzigulitsa kuti apeze cakudya, ndipo posakhalitsa amwalira. Ali ndi zaka 8 zokha, Sarah agulitsidwa kwa munthu woipa wochedwa Duke, amene amuononga nampatsa dzina latsopano lakuti Angel. Atakula athawira ku California, kumene golide anali atapezeka mu 1848 ndipo amuna anali kukhamukirako ngati inswa pa nyali. Mu 1850 timpeza m'nyumba ya cigololo m'tauni ya okumba golide. Mlimi wina woopa Mulungu, Michael Hosea, amene anabwera kudzagulitsa zokolola zake, amuona akuyenda mumseu, ndipo amva mau a Mulungu akumuuza kuti ameneyo ndiye mkazi wake. Alipira golide kuti alowe m'cipinda cake, koma samkhudza. Angokamba naye ndi kumpempha ukwati. Angel akana. Abweranso, akananso. Pambuyo pake mlonda wa nyumbayo ammenya Angel mpaka kutsala pang'ono kufa. Michael afika, alipira mwini nyumba, amkwatira ali cigonere pa bedi, namnyamula pa ngolo kupita naye ku munda wake. Mbali yotsala ya bukuli ndi ya kuthawa ndi kubwezedwa, kuthawanso ndi kubwezedwanso. Wolembayo anatenga cithunzi cimeneci m'buku la mneneri Hoseya ndi mkazi wake Gomeri.

Ndiyambe ndi mtima umene unakondwa, cifukwa uli ndi zifukwa zake zomveka.

Amene anayendapo usiku pa mseu wa Great East, pa Katete kapena pa malire a Mwami pamene malole amagona, anawaona atsikana oima m'mbali mwa mseu. Tiri ndi dzina limene timawacha, ndipo tikalichula nkhani yatha; sitifunsanso ciriconse. Bukuli silikulola kuti uthe nkhani msanga tero. Lisanakuonetse Angel wa maso ouma, wodziwa kunyoza amuna, liyamba lakuonetsa Sarah wamng'ono atabvala diresi yake yabwino, akuyembekeza kuti atate ake amkonda. Ukafika pa Angel, sungathenso kufunsa funso lathu lozolowereka lakuti, "Wacita ciani mtsikanayu?" Ufunsa lina: "Anamcita ciani, ndipo anamcita ndani?" Ukafunsa limeneli, ukumbukira kuti pa mtsikana mmodzi woima pa Mwami pali amuna ambiri oimika magalimoto, ndi kuti m'cinenero cathu iwo alibe dzina lopweteka ngati lake. Ena mwa iwo pa Sondo amakhala pa mipando yakutsogolo.

Bukuli lidziwanso cinthu cina cimene maulaliki ambiri amacilumpha: munthu amene anapwetekedwa ali mwana sacira tsiku limene wapeza womkonda. Michael si wankhanza, koma Angel athawabe, cifukwa kukoma mtima kumamuopsa koposa kumenyedwa. Kumenyedwa akudziwa. Kukondedwa sadziwa mtengo wake, ndipo moyo unamphunzitsa kuti kanthu kaulere kulibe. Pali pamene apita ku mtsinje nadzikhula mpaka khungu kusupuka, kufuna kucotsa litsiro limene siliri pa khungu. Amene anakhalapo ndi mnzake wogwiriridwa ali mwana adzazindikira zimenezi msanga. Ngati buku lingathe kucititsa mnyamata wa kwaya kuti aone mkazi wa ku malo omwera mowa ngati mwana wa munthu, buku limenelo lacita nchito yaikulu, ndipo sindifuna kulilanda ulemu umenewo.

Koma mtima waciwiri sunagone. Unayamba kudandaula pa ukwati uja.

Taganizani bwino. Mkazi wakana kangapo ali bwinobwino, maso ali gwa. Ndiye tsiku limene wathyoledwa nthiti, nkhope yatupa, sadziwa ngati kwaca kapena kwada, ndilo tsiku limene afunsidwanso. Yankho limene apereka si "inde" weniweni. Ndi mau a munthu wotopa ndi moyo, amene kwa iye zonse ndi cimodzimodzi. Atatsitsimuka apeza mphete pa cala ndi mwamuna womucha mkazi wake. Kodi ameneyo wabvomera, kapena wangosowa mphamvu zokanira?

Kwathu kuno, ngakhale m'midzi imene anthu a m'tauni amaiyesa yotsalira, mwambo weniweni umati ankhoswe asamalize nkhani ya ukwati asanamve kwa mwini wake. Ku chalichi nako mkwatibwi amafunsidwa pamaso pa anthu onse, ndipo amayankha ndi pakamwa pake. N'zoona kuti mwambowu waphwanyidwa kawirikawiri. Atsikana ambiri a kuno kum'mawa acotsedwa pa sukulu ndi kuperekedwa kwa amuna cifukwa ca ng'ombe kapena njala. N'cifukwa cake mafumu onga Inkosi Madzimawe akhala akulimbana ndi maukwati a ana, ndipo mu 2023 lamulo la dziko linakonzedwa kuti ukwati ulionse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wamwambo, ukhale wosabvomerezeka. Koma kuphwanyidwa kwa mwambo sikusonyeza kuti mwambowo kulibe. Makolo athu anadziwa kuti "inde" wa munthu amene sangathe kunena "iai" ndi wopanda pake.

Wina adzati, "Nanga akanamsiya kuti afe?" Iai, sakanamsiya. Koma kupulumutsa munthu ndi kumkwatira ndi zinthu ziwiri. Msamariya wa pa Luka 10 anapeza munthu womenyedwa ali pafupi kufa, monga Angel. Anamanga mabala ake, anamkweza pa ciweto cake, analipira ndalama ziwiri kwa mwini nyumba ya alendo, napita ulendo wake. Sanatengepo kanthu. Michael akanatha kumtenga Angel kupita naye ku banja lina, kumlipirira dokotala, ndi kudikira kuti acire kuti amfunse ataima ndi miyendo yake. Thandizo lobwera litamangiriridwa ku ukwati timalidziwa bwino. Ndi la "amalume" aja a galimoto amene amalipirira mtsikana mafizi a sukulu. Ndibvomera kuti Michael sali ngati iwo mumtima, pakuti sanamkakamize kugona naye. Koma mtsikana amene ali ndi ngongole ya moyo wake kwa mwamuna, angakane bwanji cimene mwamunayo apempha?

Wina adzatinso, "Koma zinatha bwino. Anakondana, anabala ana, anakalamba pamodzi." Apa ndi pamene pagona funso lakale kwambiri la anthu oganiza: kodi mathero abwino amatsuka njira imene munthu anadzera? Tiyerekeze dalaivala wa minibasi amene wamwa mowa, nanyamula anthu kucoka ku Chipata kupita ku Lundazi, ndipo onse afika amoyo. Kodi anacita bwino? Tonse tidziwa kuti anacita zoipa, anangocita mwai. Colakwa cake cinacitika pamene analiza injini, ulendo usanayambe n'komwe. Ndipo m'buku ngakhale mwai umenewo mulibe. Wolemba ndiye amagawa mvula ndi dzuwa m'dziko lake. Iye anafuna kuti Michael akhale wolondola, ndiye anakonza zonse kuti zithe motero. Mathero a buku amationetsa zimene wolemba amakhulupirira. Mmene moyo umayendera ndi nkhani ina.

Cimodzimodzi ndi mau aja a Mulungu. Ife owerenga tikhulupirira kuti Michael anamvadi Mulungu cifukwa wolemba watilowetsa m'mutu mwake, ndipo mauwo tawamva tokha. Koma pa moyo weniweni palibe amene amalowa m'mutu mwa mnzake. Mbale akakuimitsa mutaweruka ku kwaya nati, "Mlongo, Mulungu wandionetsa m'maloto kuti ndinu mkazi wanga," iwe uli ndi mau ake okha. Mwina akunena zoona monga azionera. Mwina wasokoneza kugunda kwa mtima wake ndi mau a kumwamba, zimene zimacitikira ndi anthu oona mtima omwe. Mwina ndi tambwali. Onse atatu amanena mau amodzimodzi, ndipo mauwo ali ndi mphamvu yoopsa iyi, yakuti amasandutsa kukana mnyamata kukhala kukana Mulungu. Mtsikana wopemphera amaopa pamenepo.

Asaope. Baibulo lomwelo limene Michael amawerenga liri ndi nkhani ya Rebeka pa Genesis 24. Mtumiki wa Abrahamu anapempha cizindikiro pa citsime, ndipo anacilandira conse monga anapemphera. Ngati panakhalapo ukwati wokonzedwa kumwamba, ndi umenewo. Komabe pofika pa nkhani yonyamuka, abale ake anati amuitane namwaliyo amfunse, ndipo ulendo unayamba iye atayankha yekha. Mariya naye mngelo anamfikira iye mwini. Uthenga sunadzere mwa Yosefe. Motero mtsikana ali ndi ufulu wonse woyankha mwaulemu kuti, "Zikomo mbale, koma Mulungu amene wakuuzani inu adziwa kumene ine ndikhala. Akandiuza, ndidzakuuzani."

Pano pali bvuto lathulathu limene sitingalikankhire kwa Francine Rivers. Atsikana athu ambiri amalangizidwa kuti asabvomere tsiku loyamba, kuopa kuoneka ochipa. Anyamata nao adziwa zimenezi, ndiye aphunzira kuti "iai" atanthauza "bweranso mawa." Buku longa ili likagwa m'nthaka yotere limamera msanga, cifukwa limauza mnyamata zimene afuna kale kumva: kuti kuumirira ndiko kukhulupirika, ndi kuti mkazi sadziwa cimene cimkomera mpaka mwamuna amuonetse. Komatu kudikira ndi kulondalonda n'kosiyana. Wodikira amakhala pamene mtsikana angampeze akafuna. Wolondalonda amapezeka pa mjigo, pa cigayo, pa geti ya sukulu, ndi pa foni pakati pa usiku, mpaka mtsikana amasintha njira yopitira ku msika. Mnzanga, ngati wina wayamba kusintha njira cifukwa ca iwe, usadzinamize kuti uli woleza mtima ngati Michael.

Nanga Hoseya? Iye anali mneneri wa ufumu wakumpoto wa Israyeli m'masiku a mfumu Yerobiamu waciwiri, zaka zoposa 700 Yesu asanabadwe. Ukwati wake unali ulaliki woyenda ndi miyendo: mwamuna aimira Mulungu, mkazi aimira mtundu umene unathamangira Baala. Ngakhale ana ake anapatsidwa maina a ciweruzo, wina dzina lotanthauza wosacitiridwa cifundo, wina lotanthauza wokanidwa kukhala wa mtundu wa Mulungu. Palibe kholo lanzeru limene limatengera maina amenewo, cifukwa tonse tidziwa kuti anali cizindikiro ca nthawi imeneyo, sanali citsanzo ca mabanja onse. Nanga bwanji tifuna kutengera kafunsidwe kake ka mbeta? M'fanizo limeneli ife tonse, amuna ndi akazi omwe, ndife Gomeri. Koma nkhani ikasandulika buku lacikondi, mipando imagawidwa mwa mtundu wina: mwamuna akhala pa mpando wa Mulungu, wodziwa ciriconse ndi wosalakwa kawirikawiri, mkazi akhala pa mpando wa wocimwa. Mnyamata wa zaka 19 akawerenga, sipafunika mlosi kuti tidziwe mpando umene adzasankha.

Atsikana ena nao amaulanda mpandowo nakhalapo iwo. Amakwatiwa ndi cidakwa kapena womenya ali ndi cikhulupiriro cakuti cikondi cao cidzamuombola, ndipo alangizi akawauza kuti banja ndi kupirira, amapirira mpaka tsiku lokaonekera ku Victim Support Unit ndi diso lotupa.

Pali "iai" winanso amene bukuli silinamlembe n'komwe, ndipo ife a ku Chipata tiyenera kukhala oyamba kuzindikira kuti akusowa. Munda wa Michael uli m'cigwa cokongola, ca mtsinje ndi udzu wobiriwira, ndipo wowerenga amangouona ngati dalitso la munthu wakhama. Koma cigwaco cinali ca yani dzana lake? Golide asanapezeke, mu California munali eni dziko pafupifupi 150,000 a mitundu yosiyanasiyana. M'zaka zocepa munalowa alendo pafupifupi 300,000. Mu 1850, caka comwe Michael akumana ndi Angel, boma latsopano la California linakhazikitsa lamulo limene linalola azungu kutenga ana a eni dziko kukhala anchito ao. Mu 1851 bwanamkubwa woyamba, Peter Burnett, ananena poyera kuti anthu ayembekezere kuti nkhondo yofafaniza mtunduwo idzapitirira mpaka utatha. Pofika m'ma 1870 anatsala pafupifupi 30,000. Ena anaphedwa, ena anafa ndi njala ndi matenda atathamangitsidwa m'malo ao. Mu 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anapepesa m'dzina la boma, nabvomera kuti kumeneko kunali kupulula mtundu wa anthu. Mwa anthu akuluakulu a m'bukuli mulibe ndi mmodzi yemwe wa eni dzikowo. Buku liri ndi misozi yoculuka cotere ya mwana mmodzi wogulitsidwa, koma silicita kanthu ndi ana ena amene anali kulandidwa m'dziko lomwelo, m'zaka zomwezo.

Fungo la golide talidziwa nafenso. Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany, anapeza cilolezo kwa Mpezeni woyamba, ndipo cilolezoco cinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inakhulupirira kuti pansi pa dziko la Angoni pali golide wambiri. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anabwera kucokera ku dziko limene lero ndi Malawi, ali ndi mfuti za maxim. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondo, anagwidwa ndi kuomberedwa mwezi wotsatira. Pa dziko limenelo panamangidwa Fort Jameson, amene lero ndi Chipata wathu. Golide woculuka uja sanapezeke. M'malo mwake panabwera mafamu a fodya, eni dziko napanikizidwa m'malo owasankhira. Nc'wala inaleka mpaka mu 1980. Tsopano tayerekezani kuti wina walemba buku lokoma la mzungu wopemphera amene anatsegula famu pafupi ndi Fort Jameson m'masiku amenewo, ndi mkazi wobvutika amene anamuombola, dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri, koma osachula Nsingo kapena agogo anu amene anali kunyamula macila ndi kulima fodyayo. Mwina mukanalira nalo ndithu. Koma mukanalicha loona?

Ndipo tisafulumire kudziyesa oyera. Angoni aja nao anali alendo amene anapeza eni. Anaoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba (caka comwe nkhani ya Sarah iyambira, mwangozi cabe), ndipo anthu a Mpezeni atafika kuno anagonjetsa Ansenga ndi Acewa, natenga akazi ao ambiri. Akazi amenewo anafunsidwa? Pa ngoma timatama ankhondo, koma maina a amai aja sitiwamva. Komabe anasiya cizindikiro cimene palibe angacifafanize: ana anatenga cinenero ca amai ao, kotero kuti Mngoni wa ku Mtenguleni lero akamba cinenero cimene ciri pafupi ndi Cinsenga koposa Cizulu, ndipo mau akale a kum'mwera atsalira makamaka m'nyimbo ndi m'zitamando. Nkhani imene ife timadzikambira nayo iri ndi anthu ake amene inawatseka pakamwa.

Tsono tilitani bukuli? Ena amakonda njira yacidule: litenthe. Ena ali ndi njira ina yacidule: ndi lacikristu, usafunse. Njira zonse ziwiri ndi za munthu wofuna kucotsa mtima umodzi kuti apumule. Ine ndiganiza kuti mitima iwiriyo yonse ikunena zoona, ndi kuti kusautsika kumene umamva ndi cikumbumtima cimene cakana kugona pamene mtima ukusangalala. Nkhani yokoma imagwira munthu asanayambe kuganiza. Ndiyo mphamvu yake. Mneneri Natani anaigwiritsa nchito pa Davide: anayamba wamkwiyitsa ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka, kenaka n'kumuonetsa amene anali kumkwiyira. Koma mphamvu yomweyo ingatimwetse zowawa zobisika m'zotsekemera, ndipo buku lolembedwa bwino ndilo lifunika kulipenyetsetsa koposa lolembedwa moipa, pakuti loipalo palibe amalikhulupirira. Mkuyu wofiira bwino timayamba tauswa pakati tisanadye, ndipo tikapezamo nyerere sitithamangira nkhwangwa kukadula mtengo. Ndingowonjezapo kuti ili si buku la ana a Sande sukulu, ndipo mnzathu amene anakumana ndi zonga za Sarah auzidwiretu zimene zirimo, kuti asankhe yekha ngati afuna kulitsegula.

Codabwitsa n'cakuti bukulo lokha likuoneka kuti lidziwa bvuto lake. Pa kuthawa komaliza, pamene Angel apita ku San Francisco, Michael samtsatira. Mtima ufunitsitsa, koma mau omwe aja amuuza kuti amleke, ndipo akhala pa munda wake zaka zitatu osadziwa kumene mkazi wake ali. M'zaka zimenezo, kutali ndi mwamuna womuombola uja, ndi pamene Angel apeza cikhulupiriro cakecake, natsegula nyumba yophunzitsiramo kusoka, kuphika ndi kuwerenga kwa akazi ofuna kusiya uhule. Pobwerera abwera mwa kufuna kwake, wosagulidwa ndi wosanyamulidwa pa ngolo, ndipo pamenepo ndi pamene amuuza Michael dzina lake lenileni, Sarah, limene analisunga mumtima kuyambira ali mwana. Kwa ine ukwati wao uyambira pa tsamba limenelo. Ngati "inde" womalizayu abweza ngongole ya "inde" wa pa bedi uja, ndi nkhani imene gulu lanu lingakanganepo madzulo onse, ndipo atsikana ndiwo ayambe kulankhula.

Pokambirana, tsegulaninso Hoseya, mitu 1 mpaka 3. Ndi yaifupi, siingakutengereni mphindi 10. Muone mtengo umene mneneri analipira, masekeli a siliva 15 ndi barele, muonenso kuti mkazi wogulidwayo pa mutu 3 sachulidwa ngakhale dzina. Kenaka mufunefune pamene Gomeri alankhula yekha. Mudzapeza mau amene mwamuna akuti mkaziyo ananena, koma pakamwa pake penipeni simudzapamva. Francine Rivers anampatsa masamba oposa 400 ndi mathero okoma. Mneneri sanatiuze ngati Gomeri anakhala kapena anacokanso.